Mutu 6: Pouvoir, Mneni Amene Munabadwa Naye

Chimandiwawa ndikaona mmene ana athu amaphunzirira Chifalansa. Mwana wa ku Mtendere, amene wayamwa Chinyanja ali kumsana, amamudutsitsa kaye m'Chingerezi kuti amvetse pouvoir. Amakodwa pakati pa can ndi may, pomwe yankho lili kale pakamwa pake: kachidutswa kathu ka -nga-.

Tamvani. "Ndinganyamule thumba la unga la makilo 25." Imeneyo ndi mphamvu. "Ndingalowe?" Chimenecho ndi chilolezo. "Mvula ingagwe lero." Izo ndi zotheka chabe. Ntchito zitatu, -nga- mmodzi. Pouvoir nayenso amalima minda itatu yomweyo: je peux porter ce sac, je peux entrer, il peut pleuvoir. Tiziona imodziimodzi.

Kasinthidwe kake ingolowezani: je peux, tu peux, il peut, nous pouvons, vous pouvez, ils peuvent. Atatu oyambawo amamveka chimodzimodzi. Mneni wotsatira sasintha, monga "kunyamula" mu "ndingathe kunyamula".

Musati izi n'za mayeso okha. Ku Chawama, ku Kanyama ndi ku George tikukhala ndi anzathu ochokera ku Congo, Rwanda ndi Burundi. Amalonda athu amawoloka pa Kasumbalesa kupita ku Lubumbashi, ndipo COMESA, yomwe likulu lake lili mu Lusaka muno, imagwiritsanso ntchito Chifalansa.

Tiyambe ndi kutha kuchita chinthu, pamene ambiri amagwera m'mbuna. Chifalansa chimasiyanitsa luso limene munthu anaphunzira ndi mpata umene ali nawo lero. Luso ndi savoir, kudziwa. Mpata ndi pouvoir. Taganizirani telala wa ku Matero amene makina ake ndi amagetsi, magetsi atazima kuyambira m'mawa. Akuuzani kuti je sais coudre, ndimadziwa kusoka, koma je ne peux pas coudre aujourd'hui, lero sindingasoke. Luso lili m'manja, mpata watsekedwa. Woyendetsa minibasi amene apolisi amulanda layisensi sanaiwale chiwongolero: il sait conduire, il ne peut pas conduire. Mayi wodziwa kuphika amene alibe malasha, chimodzimodzi. Mwana wa ku Kanyama amene njira yake yamira m'madzi mu Januwale amadziwa kumene kuli sukulu, koma il ne peut pas y aller. Savoir ali ngati khasu limene muli nalo m'nyumba. Pouvoir ndi mvula yokulolani kulima. Khasu simulitaya chifukwa cha chilala.

Ine ndinapsa nazo. Ndinafunsa mayi wina wa ku Lubumbashi pa kantemba kake kuti, "Vous pouvez parler français ?" Ndinkafuna kudziwa ngati amachidziwa. Iwo anamva ngati ndikuwapempha asinthe chilankhulo, nangoseka: "Tilankhule basi, mwanangu." Funso loyenera linali lalifupi: vous parlez français ?

Koma musathamangire kukonza anthu. Ku Belgium amagwiritsa savoir pamene Mfalansa anganene pouvoir, ndipo je ne sais pas venir kumeneko ndi "sindingabwere". Belgium inalamulira Congo mpaka 1960, Rwanda ndi Burundi mpaka 1962, choncho musadabwe mukamva zotere kwa mkulu wa kumeneko. M'mayeso lembani pouvoir. Pamsika mverani zimene munthu akutanthauza.

Za chilolezo, ulemu wanu wakumudzi ndiwo ukuthandizeni. Tu ndi "iwe", vous ndi "inu". Kwa mnzanu: tu peux m'aider ? Kwa mkulu: pouvez-vous m'aider ? Mukafuna kugwada ndi mawu, nenani pourriez-vous m'aider, ngati "kodi mungandithandizeko?", ndi -ko wathu wofewetsa uja. Chenjezo limodzi: peux-je kulibe. Pofunsa mwaulemu amati puis-je entrer, odi wa Chifalansa.

Zotheka sizifuna tsamba: peut-être ndi "mwina", ndipo peut yemweyo mukumuona mkati mwake.

Mawa mukapita kukagula mafuta ophikira kwa mnansi wa ku Congo, yesani puis-je pakhomo. Akakuyankhani m'Chinyanja, musakhumudwe. Iye chanu anachiphunzira kale.