MBIRI YA WAILESI YA KU LUSAKA NDI MALEMBO ACE ATATU

Mlendo akafika pa khomo usiku nati, "Odi!", mwini nyumba satsegula msanga ai. Ayamba wafunsa kuti, "Ndani?" ndipo mlendoyo achula dzina lace ndi mudzi wa kwao. Wailesi nayonso ndi mlendo wolowa m'nyumba zathu usiku ndi usana, ndipo iyenera kuchula dzina. Mwezi uno tikusimbireni mbiri ya nyumba ya wailesi imene idalankhula Cinyanja kwa makolo athu, ndi malembo atatu amene idadziwika nao.

Poyamba mudziwe nchito ya malembo otere. Mau a wailesi sadziwa malire: acoka ku dziko lina nakagwa ku dziko lina. Cifukwa cace maiko adapangana kugawana malembo, kuti nyumba iri yonse youlutsa mau ikhale ndi cizindikiro cace, monga munthu akhala ndi ciwongo, kaya Phiri kaya Banda. Dziko la Vatican lidalandira HV, ndipo wailesi ya Apapa, imene adaimanga Guglielmo Marconi, idachedwa HVJ. Papa Pius XI adalankhulapo koyamba pa 12 February 1931, m'Cilatini. Ku America mawailesi ambiri a kuzambwe kwa mtsinje wa Mississippi ayamba ndi K, a kubvuma ndi W, ndipo eni ace amasintha malembo akasintha nyimbo. Mu 1987 wailesi ya ku Los Angeles yochedwa KMET idaleka nyimbo zace zaphokoso, niyamba kuimba nyimbo zofatsa za jazi, nitenga malembo atsopano, KTWV.

Tsono tibwere kufupi ndi kwathu. M'caka ca 1941, nkhondo yaikuru ya ciwiri iri m'kati, Boma la Northern Rhodesia lidaimika kawailesi kakang'ono ku Lusaka, kuti anthu amve nkhani za nkhondo kumene kudapita ana ao, asilikari. Malembo ace adali ZQP, pakuti Z adali mmodzi mwa malembo a maiko olamulidwa ndi Britain. Nkhondo itatha, mkuru wa zofalitsa nkhani wa Bomalo, Harry Franklin, adalimbikira kuti wailesiyo ikhale ya anthu akuda a maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Idapatsidwa dzina lakuti Central African Broadcasting Station, ndipo idalankhula Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cishona, Cindebele ndi Cingerezi.

Koma kulankhula popanda womvera nkutaya mau. Mawailesi a masiku amenewo adali a mtengo wapatali, osati a munthu wa khasu. Franklin adafunafuna womupangira wailesi yochipa, kufikira kampani ya Ever Ready idabvomera. Mu 1949 idaturutsa kawailesi kozungulira, kobiriwira ngati thambo, kofanana ndi sefuliya yophikira ndiwo, kotero kuti Azungu adakacha Saucepan Special. Mtengo wace udali mapaundi 5, ndi batire lace masheleni 25. Tisefuliya timeneti tidagulidwa zikwizikwi, tidafika ndi kuno ku Nyasaland, ndipo pamene padali kamodzi, madzulo anthu amasonkhana ngati pa bwalo la mirandu.

Cimene anthu adakonda koposa ndico pologalamu yochedwa "Zimene Mwatifunsa". Kumbukirani kuti zaka zimenezo amuna ambiri a m'midzi yathu adali ku ulendo, ena ku Halale, ena ku migodi ya mkuwa, ena ku Joni. Munthu amalemba kalata ku Lusaka kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale, ndipo dzina la mchona likachulidwa pa wailesi, a kwao amadziwa kuti akali moyo. Mwa oulutsa mau, wochuka adali Alick Nkhata, mmisiri wa gitala, amene adayendapo ndi Hugh Tracey kujambula nyimbo za m'midzi. Iyeyu amatenga nyimbo za makolo nazibveka maimbidwe atsopano a m'tauni, ndipo amaimbanso m'Cinyanja. Adafa mu October 1978, pamene asilikari a Rhodesia adathira nkhondo kufupi ndi munda wace ku Mkushi.

Koma cikondi ca anthu pa wailesiyi cidalowa m'mayesero. Pamene Boma la Britain lidakakamiza Citaganya ca maiko atatu aja mu 1953, anthu akuda adacikana, koma wailesi, pokhala ya Boma, siidanene za mumtima mwao. Ambiri adaleka kuikhulupirira. Pomwepo idabuka mphekesera yoopsa yakuti oulutsa mau ndi anamapopa ogwirira nchito Azungu, ndipo anthu osalakwa adayenda ndi mantha m'makwalala a Lusaka. Onani mbali zonse ziwiri: wailesi idalakwa pobisa, ndipo anthu adalakwa pokhulupirira mau opanda mwini.

Mu 1958 nyumbayo idalowa m'manja mwa bungwe la wailesi la Citaganya. Mu 1964, maiko atalandira ufulu, ya ku Lusaka idakhala ya Zambia, lero ichedwa ZNBC, ndipo kuno idabadwa MBC. Malembo ZQP adatsala m'mbiri. Dziko lathu lidapatsidwa cizindikiro 7Q, ndipo amene adafikapo ku bwalo la ndege ku Lumbadzi angacione colembedwa pa ndege za Malawi. Ca Zambia ndi 9J. Pambuyo pace Eklezia nayenso adatsegula zace: Radio Maria ku Mangochi mu 1999, ndi Radio Alinafe ku Maula mu 2002.

Tsopano, inu a ku Namitete, a ku Nambuma, a ku Nsaru, a ku Kabudula ndi a ku Mpingu, mau olowa m'nyumba zanu acuruka kopambana a makolo anu. Ena adza pa wailesi ya dzina lodziwika, imene ingaimbidwe mlandu ikanama. Koma ena adza pa foni ya m'manja, opanda dzina, opanda mudzi. Mphekesera yomweyo ya anamapopa idabukanso mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo anthu osalakwa adaphedwa. Lamulo la cisanu ndi citatu la Mulungu liletsa kunamizira mnzathu, ndipo wobwereza bodza agawana chimo ndi wolipeka.

Akuru adati, safunsa adadya phula. Atate ndi amai, phunzitsani ana anu kufunsa mau ali onse cimene mufunsa mlendo wa usiku: "Ndani? Mwacokera kuti?" Akakana kuchula dzina, musawatsegulire.