Makapisozi akugonja: kodi kompyuta itipulumutsa?

Chimfine chikangoyamba, ambirife timathamangira pagolosale, kugula makapisozi awiri a amoxicillin kapena Bactrim, kumwa, basi mawa kumunda. Kumadera ngati Thambani m'boma la Mwanza, komwe ulendo wa kuchipatala chachikulu cha paboma umadya ndalama ndi tsiku lathunthu, njira yachiduleyi imaoneka yanzeru. Koma chimfine chimayamba ndi mavairasi, omwe makapisoziwa sawapha. Amene amapindula ndi mabakiteriya okhala m'thupi mwathu: ofooka amafa, olimba amatsala n'kuswana. Tsiku lomwe tadwaladi, mankhwala aja sagwiranso ntchito.

Si nkhani ya kutali. Mu 2009, typhoid idavuta m'boma loyandikana nalo la Neno ndi kutsidya ku Tsangano m'dziko la Mozambique. Anthu oposa 300 adadwala, 11 adamwalira, ndipo tizilombo tambiri tomwe adatiyeza sitinkamva ampicillin, chloramphenicol ngakhale Bactrim.

Ku Blantyre nako zinthu sizili bwino. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome adaunika magazi a odwala pachipatala cha Queen Elizabeth. Adapeza kuti mu 2003, pa mabakiteriya 100 aliwonse a Klebsiella, pafupifupi 12 ndiwo ankakana mankhwala a gulu la ceftriaxone, jakisoni amene zipatala zathu zimadalira. Pofika 2016 adali atafika 90. Padziko lonse, kusamva mankhwalaku kudapha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni mu 2019.

Apa ndi pomwe asayansi ayamba kuyang'ana ma peptide. Awa ndi timapuloteni tatifupi tomwe matupi a anthu, nyama ndi zomera amapanga podziteteza. Ambiri amamatirira pakhungu la bakiteriya n'kuliboola, kachilombo n'kuphulika ngati chubu cha njinga. Bakiteriya kuti asinthe khungu lake lonse n'kovuta, n'chifukwa chake sazolowera msanga ma peptide.

Chitsanzo chotchuka chidachokera mwa chule wa kuno ku Africa. Mu 1987, Michael Zasloff wa ku America adapeza peptide yotchedwa magainin pakhungu la chule wa mtundu wa Xenopus laevis. Vuto lidali loti kusaka ma peptide m'chilengedwe kumatenga zaka.

Kompyuta yafupikitsa ntchitoyo. Mu 2018, gulu la Octavio Franco wa ku Brazil ndi César de la Fuente lidatenga peptide ya mu gwafa, yemweyu timathyola kuseri kwa nyumbayu, n'kuipereka ku pulogalamu ya kompyuta kuti iisinthesinthe. Chomwe chidatuluka, guavanin 2, chidachepetsa mabakiteriya mwa mbewa zoyeserera. Mu 2021, ofufuza a IBM adapanga ma peptide awiri atsopano m'masiku 48 okha. Mu 2024, AI idasanthula tizilombo ta m'dothi, m'madzi ndi m'matumbo n'kupeza ma peptide oposa 860,000 oti angathe kupha mabakiteriya. Pa 100 omwe adawapanga n'kuwayesa, 79 adagwira ntchito.

Komabe tisavine msanga, ng'oma isanalire. Zambiri mwa izi zayesedwa mu labu ndi mwa mbewa basi. Ma peptide amagayika m'mimba ngati ndiwo, choncho kuwapanga mapilitsi n'kovuta. Ena amawononga maselo a magazi, ndipo kuwapanga n'kodula. Ngakhale mankhwala ochokera ku magainin uja, pexiganan, bungwe la FDA ku America lidawakana mu 1999. Kuchoka mu labu kufika pashelefu ya chipatala cha Thambani pangadutse zaka khumi kapena kuposerapo, ndipo funso la mtengo lidzakhala likutidikira.

Ndiye pakadali pano titani? Tisamale mankhwala omwe tili nawo. Maantibayotiki timwe pokhapokha adokotala atilembera, ndipo titsatire ndendende momwe atiuzira. Otsala tisagawire mnzathu, komanso tisathire m'madzi a nkhuku. Tisambe m'manja ndi sopo, timwe madzi otetezeka, ndipo ana alandire katemera wa typhoid amene Malawi idayamba kupereka mu 2023.

Inu amene mukuwerenga izi pafoni ndinu amene agogo ndi amayi amakutumani kugolosale. Ulendo wina akakutumani makapisozi awiri a chimfine, atengereni kuchipatala.