Musanagule Boti la Faiba ndi Ndalama za Fodya

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama n'kuyamba kulowa m'mabanki a pa Kasungu, alimi ambiri amaganiza zoika phindu lawo pa chinthu china chosadalira mvula kapena mtima wa ogula fodya. Wina amagula chigayo, wina minibasi, wina amamanga nyumba za lendi. Aliponso amene maso awo amaloza kum'mawa, ku Nkhotakota, ndipo amalakalaka boti la injini loti lizipha usipa. Maganizo amenewa ndi abwino. Usipa umene timagula pamsika wa Santhe, Chamama kapena Nkhamenya umachokera kunyanja komweko, ndipo palibe lamulo loletsa munthu wa kumtunda kukhala ndi boti. Vuto ndi lakuti ambiri amayambira kumapeto: amagula kaye, mafunso pambuyo.

Boti limodzi lomwelo limayang'aniridwa ndi maofesi angapo. Likakhala pamsewu, pa ngolo yokokedwa ndi galimoto, nkhani yake ili m'manja mwa a Road Traffic ndi apolisi apamsewu. Likatsikira m'madzi, eni nkhani ndi a Marine, nthambi ya unduna wa zamtengatenga yoona maulendo a pamadzi. Mukaponya ukonde, mwalowa m'dera la a Fisheries. Kwa mlimi wa fodya izi si zachilendo, chifukwa naye sagulitsa belo ngakhale limodzi asanalembetse ku Tobacco Commission.

Koma ofesi yoyamba kupitako ilibe zitseko. Ili pamchenga, padoko pamene boti lanu lizikocheza. Madoko ambiri a m'nyanja ya Malawi ali ndi komiti ya asodzi imene anthu amangoitchula kuti BVC. Makomiti amenewa anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993, chambo chitatha m'nyanjamo, boma litaona kuti palokha silingathe kulondera madzi onse. Lamulo losamalira ndi kuyendetsa ntchito za usodzi la 1997 linatsegula njira yoti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali poyang'anira nsomba. BVC imadziwa asodzi a padoko pake, imalandira alendo, imathetsa mikangano ya maukonde okolana, ndipo imagwira ntchito limodzi ndi mfumu ya mudzi. Munthu wochokera ku Kasungu amene angofika ndi boti lonyezimira osalonjera mfumu ndi komiti amadzipalira yekha mavuto. Pitani chimanjamanja poyamba, mudziwike, mufunse malamulo a malowo. Malamulowo amasiyana doko ndi doko. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, m'dera la mfumu Makanjira, nyanja amaitseka kwa miyezi ingapo ya dzinja chaka ndi chaka motsatira mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa pachilumbapo, kaya ali ndi mapepala a boma kaya alibe.

Mukachoka padoko, pitani ku ofesi ya Fisheries ya m'boma limene muli dokolo. Iwo amapereka laisensi ya chida chophera nsomba, ndipo imafunika kukonzanso chaka chilichonse. Chilimira cha usipa, matchera ndi makoka a m'mphepete zili ndi malamulo osiyana a kukula kwa maso a ukonde. Neti ya udzudzu ndi yoletsedwa kotheratu, chifukwa imakokolola ndi tiana tomwe. Palinso nyengo yotseka nyanja kuti chambo chiswane: kwa makoka a m'mphepete imakhala kuyambira pa 1 November mpaka pa 31 December, pamene zombo zikuluzikulu zili ndi masiku awoawo. Funsani bwinobwino ngati chida chimene mukufuna kugula chikukhudzidwa, muwerengeretu miyezi yopanda ndalama. Ukonde wosaloledwa ukagwidwa, wotaya ndinu mwini, osati anyamata amene anauponya.

A Marine ntchito yawo ndi ina. Iwo safunsa za nsomba. Amafunsa ngati botilo lingabweze anthu kumtunda ali moyo. Pansi pa lamulo la maulendo a pamadzi la 1995, amayeza maboti, kuwalembetsa ndi kupereka chiphaso chosonyeza kuti ndi oyenera kuyenda panyanja. Woyeza amaona thupi la boti, injini, zida zodzitetezera, komanso kulemera kumene lingasenze. Ku Monkey Bay ndi kumene kuli chimake cha ntchito za pamadzi m'dziko muno, ndipo sukulu yophunzitsa oyendetsa zombo ili komweko. Ena amaona kuyezetsa ngati kutaya nthawi ndi ndalama. Ine sindikuvomereza. Mwini boti amene akugona ku Mtunthama, anyamata ake ali pakati pa nyanja usiku, alibe njira ina yodziwira kuti sanawatumize ku imfa.

Nanga botilo mungalisankhe bwanji? Boti la faiba lili ndi ubwino woonekeratu. Siliola ngati la matabwa, silifuna kumatidwa phula kawirikawiri, ndi lopepuka ndiye silidya mafuta ambiri, komanso silitimalizira milombwa. Kuipa kwake ndi kwakuti limabisa matenda. Lamatabwa likayamba kuola mumaona ndi maso, koma lafaiba limatha kunyezimira kunja mkati mutalowa madzi. Ngati mukugula logwiritsidwa kale ntchito, litembenuzeni muone kumimba kwake kumene limakhula mchenga ndi miyala. Gogodani paliponse ndi chigwiriro cha sikuludiraiva: pabwino pamalira mouma, powonongeka pamalira mogonthera. Pondani pansi pake muone ngati pakufewa. Kenako pitani kumbuyo, pamene pamamangidwa injini. Mkati mwa khoma limenelo nthawi zambiri mumakhala thabwa lokutidwa ndi faiba, ndipo madzi akalowera m'mabowo a mabawuti thabwalo limaola mwakachetechete. Gwirani mwendo wa injini muugwedeze mwamphamvu. Khomalo likamapindika kapena kutulutsa madzi a bulauni, bwererani ndi ndalama zanu. Injiniyo muilize ili m'madzi, muone ngati ikulavula kamtsinje kamadzi oiziziritsa. Lembani nambala yake m'kalata ya mgwirizano wogulitsana, pakhale mboni, chifukwa injini zakuba zimayendayenda m'madoko. Ngati boti likuchokera kunja, ku Joni kapena ku Tanzania, mapepala a MRA osonyeza kuti linalowa mwalamulo muwasunge ngati chiphaso cha munda.

Tsopano ulendo wa pamsewu, umene ambiri amaupeputsa. Ngolo yonyamulira boti, malinga ndi lamulo, ndi galimoto payokha. Imalembetsedwa ku Road Traffic, imakhala ndi nambala yake, magetsi a mabuleki ndi okhotera, ndiponso zonyezimira zoti oyenda usiku aione. Funsani kampani yanu ya inshuwalansi ngati ngoloyo yaphatikizidwa. Laisensi yanunso muiyang'ane: ya kodi B imalola kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750, ndipo yolemera kuposa apo imafuna EB. Poyerekeza kulemerako musaiwale injini, mafuta, maukonde ndi ngolo yeniyeniyo.

Msewu wa M18 wochoka pa Kasungu umadutsa Mtunthama ndi Malomo, n'kulowa m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, imene a African Parks akhala akuiyendetsa kuyambira 2015. Kasungu ali pamtunda wa mamita opitirira 1,000, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500. Kutsika konseko kumachitika pa zitunda ndi makona, ngolo ikukankha galimoto kumbuyo. Tsikani ndi giya yaikulu mphamvu, osati kupondereza mabuleki mpaka kununkha. M'nkhalangomo muli njovu zambiri, pakuti pafupifupi 500 zinasamutsidwiramo mu 2016 ndi 2017, ndipo galimoto yokoka ngolo sibwerera m'mbuyo msanga njovu ikaima pamsewu. Yendani masana. Boti limangidwe kutsogolo ndi kumbuyo ndi malamba olimba, osati zingwe za mphira zomangira katundu panjinga. Katundu wolemera akhale chakutsogolo pang'ono kwa matayala a ngolo. Akachuluka kumbuyo, ngolo imayamba kuvina ndipo imatha kugwetsa galimoto. Pakhale tcheni chachiwiri chogwira ngolo chokolekera chikamasuka. Mukayenda kamtunda, imani mukhudze pakati pa matayala: pakatentha kwambiri, mabeyaring'i akufuna girisi. Mukafika kunyanja dikirani azizire musanalowetse ngolo m'madzi, ndipo onetsetsani kuti kabowo kotulutsira madzi kumbuyo kwa boti mwatseka.

Wina angafunse kuti, bwanji osangoliponya m'madzi a konkuno? Damu la Lifupa lili mkati mwa nkhalango ya Kasungu, m'manja mwa nthambi yoona za nyama zakutchire, ndipo muli mvuu. Damu la Chitete ndi limene limamwetsa anthu a m'tauni kudzera ku Central Region Water Board. Onsewa ali ndi eni, ndipo simungalowemo popanda chilolezo. Pamitsinje ngati Bua ndi Rusa boti lolimba lingathandize kuolotsa anthu m'dzinja, koma pamenepo udindo umakula. Mu April 2023 anthu opita kumaliro anamira pa Rusa, m'boma la Mchinji, bwato lawo litagubuduzika. Aliyense wonyamula anthu pamadzi ayenera kudziwa chiwerengero chimene boti lake lingasenze, ndipo akhale ndi mtima wokana munthu womaliza ngakhale ali mbale wake.

Panyanja mdani wamkulu ndi mwera, mphepo yochokera kumwera imene imalimba m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira May mpaka August. Imeneyi ndi miyezi yomweyo imene ndalama za fodya zimakhala m'thumba, mwini boti watsopano akufunitsitsa kuona phindu. A zanyengo amachenjeza pawailesi mwera ukamabwera. Woyendetsa boti akakuimbirani kuti lero sitilowa, musamunene ulesi. Iye akuona mafunde, inu mukuona fumbi la pa Kasungu. M'boti musasowe majekete oyandamitsa okwanira aliyense, nkhafi zopalasira injini ikazima, nangula ndi chingwe chake, chokapira madzi, tochi, ndi foni yokulungidwa m'pulasitiki. Gwirizanani poyera za kagawidwe ka ndalama, mafuta akachotsedwa, ndipo mulembe. Musalole ana m'boti la usiku. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kupatsa ntchito yoopsa aliyense wosakwana zaka 18. Ife a ku Kasungu nkhani ya ana m'minda ya fodya tikuidziwa mmene inatipwetekera, tisaisamutsire kunyanja.

Choncho bambo kapena mayi amene mwasunga ndalama za boti, kwerani kaye basi ya ku Nkhotakota. Kaonaneni ndi mfumu ndi BVC, mulowe mu ofesi ya Fisheries, mufunse a Marine zimene adzafune poyeza. Mukabwerako ndi mayankho, pamenepo ndiye mukatape ndalama kubanki, ndipo majekete a anyamata muwagule tsiku lomwelo limene mukugula injini.