Cholengedwa Chopanda Dzina m'Buku la Frankenstein

M'chaka cha 1816 mvula inatsekera alendo ochokera ku England m'nyumba ina m'mphepete mwa nyanja ya Geneva, monga imatsekera asodzi a ku Chintheche m'mwezi wa Epulo. Posowa chochita, anapangana kuti yense apeke nthano yoopsa. Mmodzi wa iwo, Mary Shelley, wa zaka 18, anapeka ya Frankenstein, imene inasindikizidwa ku London mu 1818.

Ambiri amayesa kuti Frankenstein ndilo dzina la chilombo. Iyayi, ndi dzina la mnyamata wophunzira, Victor Frankenstein, amene anaumba thupi ndi ziwalo za akufa nalipatsa moyo. Cholengedwacho chitaphenya, iye anachita nacho nyansi nathawa, osachitcha ngakhale dzina. Ena amati anachimwa pofuna kulingana ndi Mlengi, ndipo sanama. Koma mlandu wake waukulu ndiwo kubala osalera.

Mphunzitsi asafulumire pa chigawo chapakati, pakuti m'menemo muli za ntchito yake. Chija chinabisala m'chisakasa cholumikizana ndi nyumba ya banja losauka la De Lacey. Posuzumira pa mng'alu chinamva mnyamata wa m'nyumbamo, Felix, alikuphunzitsa mlendo chinenero, ndipo nacho chinaphunzira kulankhula ndi kuwerenga, ngati mwana wosalembedwa sukulu womvetsera pa zenera. Usiku chinkawatolera nkhuni mwakabisira. Tsiku limene chinadziulula, nkhalamba yakhungu inachilandira bwino. Koma openya atafika, Felix anachikwapula ndi ndodo. Pambuyo pake chinavuula mtsikana amene analikumira mumtsinje, ndipo malipiro ake anali chipolopolo. Ana a ku Kande kapena ku Usisya, odziwa ulemu umene amalandira wovuula mnzake pamene bwato lagubuduka, sadzasowa wowamasulira kuipa kwa zimenezi.

Pamenepo mtima wake unatembenuka. Chinapha William, mng'ono wake wa Victor. Mlanduwo unagwera Justine, wantchito wosachimwa, amene ananyongedwa Victor ali chete, ngakhale anadziwa wakupha. Tsono wolemba sachikhululukira chilombocho, ndiponso samasula wochipanga.

Victor anafera m'chombo pakati pa madzi oundana a kumpoto, alikuchilondola kuti achiphe. Amene anadzamlira pa mtembo wake anali chilombo chomwecho.