KABUNGWE KA NYUMBA YA MALAMULO NDI VOTI YA MUNTHU WA KWA KAKUMBI

Pali ana a kwa Mfumu Kakumbi, m'cigwa ca Luangwa, amene ali pa nchito ku migodi ya Nkana, Mufulira ndi Nchanga, ndipo ena ali m'makomboni a Lusaka ndi Chipata. Pa zaka zapitazi iwo anamva kaŵirikaŵiri pa wailesi mau akuti Bilu 10 ndi Bilu 7, ndiponso kuti kabungwe ka Nyumba ya Malamulo kakhala pansi kumva maganizo a anthu. Nkhani ino ifotokoza za kabungwe kameneka: nchito yace, polekezera mphamvu yace, ndi m'mene zokamba zace zikhudzira mlimi wa ku Mfuwe amene njovu zimamdyera cimanga.

Lamulo la Pamwamba

Dziko la Zambia lili ndi lamulo limodzi loposa malamulo ena onse, lochedwa Konsiticushoni. Ndilo linena za masankhidwe a Pulezidenti, za ciŵerengero ca mamembala a Nyumba ya Malamulo, ndi za tsiku la masankho. Lamulo lotere silisinthidwa ndi mtima wapacala. Boma likafuna kulisintha liyamba lalemba mau atsopanowo, ndipo mau amenewo, asanavomerezedwe, achedwa Bilu. Biluyo isindikizidwa m'Gazeti ya Boma masiku 30 isanaŵerengedwe koyamba m'Nyumba. Pa kuŵerenga kwaciŵiri ndi kwacitatu, mamembala oivomera ayenera kufika magawo aŵiri mwa magawo atatu a mamembala onse. Amene wakhala kunyumba tsikulo aŵerengedwa ngati sanavomere.

Mbali yonena za ufulu wa munthu ndiyo yovuta kuposa. Imeneyo Nyumba siingaisinthe yokha, koma anthu onse afunsidwa mwa voti. Anthu anafunsidwa motero pa 11 August 2016, ndipo kusinthako kunalephera cifukwa ovomera sanafike theka la anthu onse oyenera kuponya voti.

Nchito ya Kabungwe

Anthu aŵiri akakangana za malire a munda, mfumu siweruza itakhala pakhonde. Ituma nduna zace kukaona malirewo ndi kukamva mboni, ndipo ndunazo zibwera kudzanena pabwalo zimene zapeza. Kabungwe ka Nyumba ya Malamulo kagwira nchito yonga ya ndunazo. Bilu ikaŵerengedwa koyamba ipatsidwa kwa mamembala ocepa, ocokera m'zipani zosiyana. Iwo aitana anthu odziŵa malamulo, a machalichi, mafumu, mabungwe a azimai ndi a anchito, ndiponso nduna ya Boma imene yabweretsa Biluyo. Alandira makalata, afunsa mafunso, napenda mau a Biluyo ndime ndi ndime. Akamaliza alemba lipoti, kunena kuti ndime yakuti ikhale, yakuti ikonzedwe, yakuti icotsedwe.

Koma ndunazo sizigamula mlandu. Lipoti la kabungwe ndi uphungu cabe. Nyumba yonse ingathe kulandira uphunguwo, ingathenso kuukana, kapena kukana Bilu yonse ngakhale kabungwe kaiyamikira.

Njira Ziŵiri Zosankhira

Mkangano wa masankhidwe ndi wakale m'dziko lino. Pa masankho a 1962, m'nthawi ya Northern Rhodesia, mipando inali 45, yogaŵidwa patatu, 15 uku, 15 uku ndi 15 uku, ndipo voti ya munthu inalingana ndi cuma cace ndi maphunziro ace. Mu January 1964 ndi pamene anthu akuda onse aakulu msinkhu anaponya voti.

Kuyambira pa ufulu, njira yosankhira membala inali imodzi. Dziko ligaŵidwa m'madera, dera lililonse lisankha munthu mmodzi, ndipo amene wapeza mavoti ambiri kuposa anzace ndiye wapambana. Ubwino wa njirayi ndi wakuti anthu amdziŵa woŵaimira, adziŵa mudzi wace, ndipo akalephera nchito adziŵa womcotsa. Kuipa kwace nkuonekera pamene opikisana aculuka. Mwacitsanzo, pa anthu 100, woyamba angapeze mavoti 35, waciŵiri 33, wacitatu 32. Woyambayo apita ku Lusaka ngakhale anthu 65 sanamfune. Pulezidenti nayenso anali kusankhidwa motero, ndipo pa masankho a 2001 a Levy Mwanawasa anapambana ndi mavoti osafika 30 pa 100 alionse.

Njira yaciŵiri ndiyo yogaŵa mipando monga mwa kuculuka kwa mavoti amene cipani capeza m'dziko lonse. Cipani cipereka mndandanda wa maina, ndipo cikapeza gawo limodzi mwa magawo anai a mavoti, cilandira gawo limodzi mwa anai a mipandoyo. Ku South Africa ndi ku Namibia mamembala asankhidwa mwa njira yotere, ndipo ku Lesotho njira ziŵirizi zasakanizidwa kuyambira 2002.

Bungwe la a Wila Mung'omba, limene linayendera dziko kufunsa anthu ndi kupereka lipoti lace mu 2005, linapempha zinthu zonse ziŵiri: kuti Pulezidenti azipeza mavoti oposa theka, ndi kuti njira zosankhira mamembala zisakanizidwe. Pempho loyamba linaloŵa m'lamulo limene a Edgar Lungu anasaina pa 5 January 2016, ndipo lamulo lomwelo linaika madera 156. Pempho laciŵiri Nyumba inalisiya.

Bilu 10 ndi Bilu 7

Mu 2019 nduna ya zaciweruzo, a Given Lubinda, inabweretsa Bilu 10. Mwa zina inafuna kusakaniza njira zosankhira, kubweza mipando ya aciŵiri kwa nduna, ndi kulola zipani kupangana boma limodzi ngati palibe wopeza mavoti oposa theka. Kabungwe kotsogoleredwa ndi a Raphael Nakacinda kanamva mboni, ndipo kanalangiza kuti ndime zina zicotsedwe, pakati pa izo ya aciŵiri kwa nduna. Koma otsutsa anati lipoti si lamulo, ndipo mau olembedwa m'Biluyo anali omwe aja. Pa 29 October 2020 ovomera anali 105, pamene ofunika anali 111. Biluyo inagwa cifukwa ca kupereŵera kwa mavoti 6.

Mu 2025 Boma la a Hakainde Hichilema linabweretsa Bilu 7. M'mwezi wa June caka comweco Khoti la Konsiticushoni linaweruza kuti kusintha lamulo la pamwamba kuyenera kuyamba ndi kufunsa anthu mokwanira. Pamenepo panaikidwa bungwe lotsogoleredwa ndi woweruza wopuma pa nchito, a Christopher Mushabati, limene linamva anthu m'zigawo zonse 10 za dziko. Kenaka kabungwe ka Nyumba kanapenda Biluyo, Nyumba inaivomera pa 15 December 2025, ndipo Pulezidenti anasaina pa 18 December. Lamulolo linakweza madera kucokera pa 156 kufika pa 226, ndipo linaika mipando 40 yogaŵidwa monga mwa mavoti a zipani: 20 ya azimai, 15 ya acinyamata, ndi 5 ya anthu olumala.

Mau sanali amodzi pa nkhaniyi. Ovomera anati madera ena anakula kwambiri, ndipo anakumbutsa kuti pa masankho a 2021 azimai m'Nyumba sanafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu. Otsutsa, pakati pao mabishopu a Cikatolika ndi bungwe la maloya la Law Association of Zambia, anati nchitoyo inathamanga cifukwa masankho a 2026 anali pafupi, ndipo kufunsa anthu kunali kwa masiku ocepa. Ena anati membala wocokera pa mndandanda alibe mudzi womfunsa, ndipo adzaopa akuluakulu a cipani koposa anthu.

Zikhudza Bwanji a kwa Kakumbi

Pa masankho a 2021 boma lonse la Mambwe linali dera limodzi, la Malambo. Membala mmodzi anaimira anthu a mafumu a Akunda, a kwa Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro. M'dzinja mitsinje ya Luangwa ndi Lupande ikasefukira, midzi ina sifikika ndi galimoto. Dera likakula motero, dandaulo la mai amene njovu zamuthera munda licedwa kufika kwa womuimira.

Palinso nkhani ya ndalama. Dera lililonse lilandira thumba la citukuko lochedwa CDF, lomangira makalasi, zipatala zazing'ono, milatho ndi zitsime. Mu 2021 thumbalo linali K1.6 miliyoni pa dera, ndipo mu 2022 linakwera kufika pa K25.7 miliyoni. Popeza thumbalo liperekedwa pa dera, mzere umene a Electoral Commission of Zambia alemba pa mapu ndiwo unena midzi imene idzagaŵana ndalamazo.

Anthu a ku Malambo adziŵanso kuŵaŵa kwa kukhala opanda woŵaimira. Khoti litathetsa zotsatira za masankho a 2011 m'deralo, milandu inacedwetsa cisankho cobwereza, ndipo kuyambira 2013 mpaka 2015 mpando wao m'Nyumba unali wopanda munthu. Zaka zimenezo misonkho inakambidwa ndi ndalama zinagaŵidwa popanda liu la ku cigwa. Mau aang'ono a m'lamulo la masankho ali ndi zotsatira zotere.

Cimene Munthu Angacite

Kabungwe kakalandira Bilu, ofesi ya Kalaliki wa Nyumba ya Malamulo ilengeza m'manyuzipepala kuti anthu atumize maganizo ao. Nthawi yace ikhala yocepa, ndipo amene afika msanga ndi mabungwe a mu Lusaka. Koma khomo ndi lotsegukira onse. Bungwe la anchito a pa mgodi, gulu la alimi, mpingo, kapena mfumu ndi nduna zace angathe kulemba, ndipo ofesi ya membala m'dera lao ingaŵauze za masiku ace. Kalata yochula ndime, ndi kunena cifukwa cace ndimeyo ivulaza kapena ithandiza, imveka kuposa kalata yongodandaula.

Wanchito wa ku migodi akumbukirenso kuti voti iponyedwa pamalo pamene munthu analembetsa dzina. Wolembetsa ku Kitwe asankha membala wa ku Kitwe, ndipo wofuna kusankha woimira kwao ayenera kulembetsa kwao ndi kukakhalako pa tsikulo. Kabungwe kamva ndi kulangiza, Nyumba igamula, koma mamembala a m'Nyumbamo aikidwa ndi kucotsedwa ndi anthu oponya voti, pa Lacinai laciŵiri la mwezi wa August, zaka 5 zilizonse.