Chingwe cha ku Fremont ndi kusintha kwa chikhalidwe cha pantchito

Mabungwe ambiri akafuna kusintha kagwiridwe ka ntchito amayambira pa mawu: amaitanitsa msonkhano wa antchito onse, amalemba masomphenya atsopano n'kuwapachika polandirira alendo, mwinanso n'kutumiza mabwana kumaphunziro a masiku angapo kunyanja. Pakatha miyezi yowerengeka zinthu zimabwerera mwakale, ndipo mlandu umagwera antchito kuti ndi osamva. Akatswiri a kayendetsedwe ka mabungwe amaiona nkhaniyi mosiyana. Edgar Schein wa payunivesite ya MIT, m'buku lake la 1985 lotchedwa Organizational Culture and Leadership, anagawa chikhalidwe cha bungwe patatu: zooneka ndi maso, monga kavalidwe ndi makonzedwe a maofesi, mfundo zimene bungwe limalengeza kuti limayendera, ndiponso zikhulupiriro zosalembedwa zimene aliyense pamalopo amangodziwa kuti ndi mmene zinthu zimakhalira. Gawo lachitatuli ndilo limauza kalaliki ngati n'kwanzeru kuulula cholakwika kapena kungokhala chete, ndipo silisunthika ndi zolankhula za pamsonkhano.

Zimene zinachitika kufakitale ya magalimoto ya ku Fremont, m'chigawo cha California ku America, zimaonetsa bwino mmene gawo limeneli limasunthira. Kampani ya General Motors inatseka fakitaleyi mu 1982 itatchuka ndi magalimoto osalongosoka, mikangano yosatha pakati pa mabwana ndi bungwe la antchito la UAW, komanso kujomba, moti pa tsiku wamba pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse sankabwera kuntchito. Lamulo lalikulu pamalopo linali lakuti mzere wolumikizira magalimoto, womwe ndi lamba woyenda amene amadutsitsa galimoto pamaso pa wantchito aliyense kuti aikepo chitsulo chake, usaime zivute zitani. Munthu akalephera kumanga bawuti, galimotoyo inkapitirira choncho, zitsulo zina n'kuikidwa pamwamba pa cholakwikacho, kuti amakaniko akaiphwasulenso pabwalo pambuyo pake.

Mu 1984 fakitaleyi inatsegulidwanso pansi pa dzina lakuti NUMMI, itakhala ya General Motors ndi Toyota mogwirizana, koma yoyendetsedwa motsatira njira za Toyota. Ambiri mwa olembedwa ntchito anali anthu akale omwe aja, kuphatikizapo atsogoleri a bungwe la antchito amene ankadziwika ndi liuma. Mazana angapo anatumizidwa kufakitale ya Takaoka ku Japan, kumene sanakakhale m'kalasi kumvera za makhalidwe abwino, koma anakagwira ntchito pamzere limodzi ndi anzawo a kumeneko. Chimene anachipeza chinali chingwe cholendewera pamwamba pa malo a wantchito aliyense, chotchedwa andon. Wantchito akaona vuto amachikoka, nyale imayaka, kanyimbo kamalira, ndipo mtsogoleri wa gulu lake amathamangira pomwepo kudzathandiza. Vutolo likapanda kutha galimoto isanafike pamalire oikika, mzere umaima.

Chingwe pachokha n'chinthu chotsika mtengo. Chovuta ndi zimene zimachitika pa mphindi yotsatira chikakokedwa, pakuti pamenepo m'pamene wantchito amaphunzira zoona zake za bungwe lake. Kapitawo akabwera ndi ukali, palibe adzachikhudzenso. Akabwera n'kufunsa chavuta n'chiyani ndi kugwira nawo ntchitoyo, chikhulupiriro chakale chakuti woulula vuto amadziputira tsoka chimayamba kutha mphamvu. Oyendetsa NUMMI anachirikiza zimenezi ndi zinthu zogwirika. Mitundu ya maudindo, imene kale inali yochuluka kwambiri, inachepetsedwa n'kutsala yowerengeka, mabwana ndi antchito anayamba kudyera m'kantini imodzi, ndipo m'pangano ndi bungwe la antchito munalembedwa kuti kampani sidzachotsa anthu pokhapokha moyo wake weniweni utakhala pachiswe. Malonda atatsika mu 1988 lonjezolo linasungidwa, anthu anapatsidwa maphunziro m'malo mwa makalata owachotsa ntchito. Kujomba kunatsika kwambiri, ndipo m'zaka zoyambirira zomwezo magalimoto a ku Fremont anafika pa mlingo wa abwino koposa m'mafakitale a General Motors.

Komabe mbali imene alangizi ambiri amaidumpha pofotokoza nkhaniyi ndi ya zimene zinatsatira. General Motors itayesa njira yomweyo kufakitale yake ya ku Van Nuys, m'chigawo chomwecho, zinthu zinakanika. Antchito a kumeneko anali asanalawe ululu wa kutsekedwa kwa fakitale monga anzawo a ku Fremont, choncho ambiri anaona dongosolo latsopano logwira ntchito m'magulu ngati njira yowalanda ufulu umene ankaupeza chifukwa chokhalitsa pantchito. Mabwana a pakati nawonso ankayesedwabe ndi chiwerengero cha magalimoto otuluka pamzere, kotero kuti kuima kulikonse kwa mzere kunkawadyera m'thumba, ndipo munthu sangalimbikitse wantchito kukoka chingwe chimene chikuchepetsa bonasi yake. Ngakhale wantchito akanapeza kuti chitsulo china chinapangidwa molakwika, madipatimenti ojambula ndi ogula zipangizo, omwe anali kutali ndi fakitaleyo, anali asanasinthe kachitidwe kawo kuti amumvere. Fakitale ya Van Nuys inatsekedwa mu 1992, pamene NUMMI inapitiriza kupanga magalimoto mpaka 2010.