Cimbala ca Dzulo Cibwerere pa Moto

Wolemba Mtolankhani Wathu

Mvula ikayamba kugwa ndipo anthu nkuyamba kulawirira ku munda, m'nyumba zambiri za kumidzi moto wophikira umasonkhedwa kamodzi kokha pa tsiku. Amai amaphika madzulo, banja lidya, ndipo zotsala zimagona mu mphika. Kukaca, akulu amanyamula makasu ao kukali mdima, ana a sukulu nanyema cimbala, cimene ena amati mkute, ndi kusunsa mu ndiwo zozizira. Pofika masana mwana wayamba kugwira pamimba, ndipo usiku wonse ukhala wa ulendo wa ku cimbudzi.

Zotere zikacitika ena amanamizira mango osapsa, ena madzi a mvula yoyamba, enanso amayamba kuyang'ana anansi ao ndi diso loipa. Koma kawiri kawiri mlandu umakhala mu mphika womwe uja.

Bvuto limeneli si laling'ono. M'caka ca 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linalengeza kuti caka ciri conse anthu pafupi fupi 600 miliyoni amadwala cifukwa ca cakudya coipa, ndipo 420,000 amamwalira. Mwa omwalirawo, 125,000 ndi ana osakwana zaka 5. Muno mu Africa odwala amafika 91 miliyoni ndipo omwalira 137,000. Cida cacikulu colimbana ndi imfa zimenezi ciri kale pakhomo liri lonse, ndico moto wa pa mafuwa kapena wa pa mbaula, malinga ngati tiugwiritsa nchito moyenera.

MDANI WOSAONEKA

Matenda ambiri a m'mimba amadza ndi tizirombo tating'ono kwambiri tochedwa mabakiteriya, timene maso a munthu sangathe kutiona. Tina, monga Salmonella ndi Campylobacter, timakhala m'matumbo a nkhuku ndi ziweto zina. Tina timacokera m'cimbudzi ca munthu wodwala, monga timene timayambitsa kolera, taifodi ndi kamwazi. Tinanso timakhala m'dothi, m'mphuno mwa munthu ndi pa zironda za m'manja.

Tizirombo timeneti tikapeza cakudya conyowa ndi cofunda, kamodzi kamagawika nkukhala tiwiri pa mphindi 20 ziri zonse. Werengani nokha: kamodzi kokha kakagwera mu ndiwo, pakutha kwa maola 7 tingathe kupitirira 2 miliyoni. Timaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo kutentha kwa m'nyumba zathu m'mwezi wa October kapena m'dzinja kuli pakati peni peni pa malire amenewa.

Cobvuta nca kuti tizirombo toopsa kwambiri sitisintha fungo kapena maonekedwe a cakudya. Akulu anati tsoka silinunkha. Amai angathe kununkhiza mphika, kulawa ndi kupeza kuti zonse ziri bwino, pamene matenda ali momwemo.

MOTO ULOWE MKATI

Munthu amene anaonetsa poyera kuti kutentha kumapha tizirombo anali Louis Pasteur, katswiri wa ku France. M'zaka za m'ma 1860 iye anapeza kuti vinyo akatenthedwa pang'ono saonongeka msanga. Njira yomweyo ndiyo imagwira nchito pa mkaka wa m'mapaketi wa m'masitolo: umatenthedwa kufika madigiri 72 kwa masekondi 15, kapena madigiri 63 kwa mphindi 30.

Pa cakudya ca pakhomo, a zaumoyo amati mbali zonse za cakudyaco zifike madigiri 70. Pamudzi palibe copimira kutentha, koma cizindikiro ciripo. Madzi amawira pa madigiri opitirira 95 ngakhale pa malo okwera monga Chipata, motero msuzi umene ukubwadamuka mphika wonse wapitirira kale malire ofunikawo.

Cofunika kusamala ndi mkati mwa nthuli. Nkhuku yoocha pa makala a moto waukulu imapserera kunja pamene pafupi ndi fupa pakali magazi. Dulani nyama m'nthuli zazing'ono, ipse pang'ono pang'ono, ndipo bayani ndi mpeni pamene pali mnofu wambiri. Madzi otuluka akhale oyera, osati ofiira. Dzira liphikidwe kufikira lonse litalimba. Mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi wokamidwa pakhomo uyambe wawira usanamwedwe, cifukwa umatha kunyamula cifuwa cacikulu ca ng'ombe ndi matenda a brucellosis, amene amapatsa munthu malungo obwerera bwerera.

Nyama ya nkhumba ifuna cisamaliro capadera. M'maboma monga Katete, Sinda ndi Petauke, kumene nkhumba zambiri zimayenda zokha m'mudzi, anthu amadziwa timatuza toyera topezeka mu mnofu, timene amati masese. Timeneti ndi ana a njoka ya m'mimba. Nyama yokhala ndi masese isagulidwe kapena kugulitsidwa, ndipo nkhumba iri yonse iphikidwe mpaka ipse bwino lomwe. Kanyama koocha mofulumira pa malo omwera mowa ndiko kamene kamapereka njokazi kwa anthu ambiri.

MPHIKA UKATSIKA PA MAFUWA

Ambiri a ife timaphika bwino ndithu. Pamene timalakwa ndi pambuyo pake. Lamulo la a zaumoyo ndi lakuti cakudya cophika cisakhale cozizira pa malo wamba kupitirira maola 2.

Zifukwa zake ndi ziwiri. Coyamba, nchenche, mphemvu, makoswe, fumbi ndi zala za ana zimabweretsa tizirombo tatsopano mu cakudya cimene moto unali utayeretsa kale. Caciwiri, pali tizirombo tina timene timadzitsekera m'kacigoba kolimba moto ukafika, ndipo sitifa. Mphika ukayamba kuzizira timadzuka ndi kuyamba kuswana. Kena ka mtundu umenewu, kochedwa Bacillus cereus, kamakonda mpunga, nsima ndi phala. Kena, kochedwa Clostridium perfringens, kamakonda nyama ndi nyemba zophikidwa m'miphika yaikulu imene imacedwa kuzizira.

Ici ndico cifukwa cake anthu ambiri amatsegula m'mimba nthawi imodzi pocokera ku ukwati, ku maliro kapena ku msonkhano wa mpingo. Nyama inaphikidwa m'mgolo mbandakuca, inatsika pa moto dzuwa litangotuluka, ndipo anthu anadya pobwera ku manda dzuwa litapendeka. Amai oyang'anira zophika pa misonkhano yotere asiye mphika wa ndiwo pa moto wocepa kufikira nthawi yogawa, kapena auwiritsenso onse asanayambe kupakula.

Njira yabwino koposa pakhomo lopanda firiji ndiyo kuphika cakudya cokwanira nthawi imodzi. Koma tonse tidziwa kuti kutaya nsima nkobvuta, makamaka kwa mabanja amene anaona cirala ca 2024. Ngati cakudya catsala, cibvundikiridwe ndi kuikidwa pamwamba, pa malo ozizira, m'mbale zosazama kuti cizizire msanga. M'mawa cibwerere pa moto.

Apa tisiyanitse mau awiri, kufunditsa ndi kuwiritsa. Kufunditsa ndiwo kuti zingomveka zofunda pa cala sikupha kanthu, ndipo kumangopatsa tizirombo kutentha kumene timakonda. Ndiwo zotsala ziwire ndi kubwadamuka, zikutakasidwa, kufikira nthunzi ituluke mphika wonse. Cimbala cinyemedwe tizidutswa ndi kuphikidwanso ngati phala, kapena ciochedwe mopyapyala kuti moto ufike pakati. Cakudya cisabwerezedwe pa moto kawiri kapena katatu. Cimene cayamba kunanda, kusasa kapena kununkha citayidwe, cifukwa tizirombo tina timasiya poizoni amene moto sungathe kumuononga.

Kwa mwana wamng'ono palibe kunyengerera. Phala lake liphikidwe latsopano nthawi iri yonse, ndipo lotsala asapatsidwenso. Khanda losakwana miyezi 6 liyamwe bere lokha.

MADZI, MANJA NDI MPENI

Tonse tikumbukira kolera imene inabuka mu Lusaka mu October 2023 ndi kufalikira m'zigawo zina. Anthu opitirira 20,000 anadwala, opitirira 700 anamwalira, bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe kufikira February 2024. Matendawa amayenda m'madzi ndi m'cakudya cokhudzidwa ndi cimbudzi ca wodwala.

Madzi a pa citsime cosatetezedwa, a mu mtsinje kapena a pa dambo awire ndi kubwadamuka kwa mphindi imodzi yathunthu. Ngati nkhuni zabvuta, thiranimo mankhwala a klorini monga mwa muyeso wolembedwa pa botolo, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Madzi amatope ayambe adikha ndi kusefedwa pa nsalu yoyera, cifukwa matope amafooketsa mankhwalawo. Sungani madzi m'cigubu ca pakamwa pang'ono, kapena mu mtsuko wobvundikira wokhala ndi cikho cake cimodzi ca cigwiriro cacitali. Kapu imene ali yense amamwera ndi kuibwezanso mu mtsuko imaononga nchito yonse.

Manja asambidwe ndi sopo pocokera ku cimbudzi, mutatha kupukuta mwana, musanaphike ndiponso musanadye. Sopo akasowa, phulusa loyera lithandiza kuposa madzi okha. Mwambo wosamba m'beseni limodzi, kuyambira abambo mpaka mwana wotsiriza, umapatsa wamng'onoyo litsiro la banja lonse. Nkwabwino kuthirirana madzi ndi kapu.

Mpeni umene watumbula nkhuku usadule tomato kapena anyezi wodya wosaphika usanatsukidwe ndi sopo. Mbale imene munali nyama yaiwisi isalandirenso nyama yakupsa. Mango, masuku ndi magwafa otola pansi atsukidwe ndi madzi abwino. Mbale ziume pa thandala padzuwa, kutali ndi nkhuku, agalu ndi nkhumba.

DZUWA, MCERE NDI UTSI

Makolo athu anali ndi nzeru zao zosungira cakudya, ndipo nzeruzo zikali zabwino. Mfutso wa cibwabwa ndi wa khwanya, kapenta, nsomba zowamba, nyama yofutsa ndi mbewa zoumika zimakhala miyezi cifukwa tizirombo sitingaswane popanda madzi. Mcere umakoka madzi mu mnofu, ndipo utsi umaumitsa ndi kuteteza kunja kwake. Kusasa kwa thobwa ndi munkoyo nakonso kumalepheretsa tizirombo tambiri.

Koma njira zimenezi zimangogoneka tizirombo, sizitipha tonse. Salmonella ingathe kukhala miyezi m'cakudya couma, nidzuka cikanyowa. Motero zofutsa zonse ziyanikidwe pa thandala, osati pa dothi, zisungidwe pouma, ndipo ziphikidwe mokwanira pa tsiku lozidya. Thobwa lisasungunulidwe ndi madzi osawiritsa, ndipo mkaka wofuna kusasitsa uyambe wawira.

ZIMENE MOTO SUNGATHE

Pali zakudya ziwiri zimene ngakhale nkhuni za mtolo wonse sizingaziyeretse. Coyamba ndi nyama ya ciweto kapena ya m'thengo imene yafa yokha. M'caka ca 2011 mvuu zambiri zinafa mu mtsinje wa Luangwa m'boma la Chama, ndipo anthu anatengako nyama. Opitirira 500 anadwala matenda a anthrax ndipo 5 anamwalira. Matenda omwewa anabukanso mu 2023, kuyambira m'boma la Sinazongwe ku cigawo ca kumwera. Munthu amawatenga posenda cikopa, poduladula ndi ponyamula nyama, mphika usanafike nkomwe pa moto. Ciweto cikafa mwadzidzidzi cisatumbulidwe. Dziwitsani anyakwawa ndi alangizi a ziweto.

Caciwiri ndi cimanga ndi nshawa za cuku. Cuku cimasiya poizoni wochedwa aflatoxin amene amaononga ciwindi, ndipo satha ngakhale mukazinge kapena kuphika. Mu August 2024 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti agalu pafupi fupi 400 anafa atadya cakudya copangidwa ndi cimanga cotere. Mbeu ziume bwino zisanalowe m'nkhokwe, ndipo zobvunda zisankhidwe ndi kutayidwa, osati kuzipititsa ku cigayo kapena kuzisinja nsinjiro.

Dziko lathu liri ndi lamulo loteteza cakudya la Food Safety Act la m'caka ca 2019, ndipo oyendera a zaumoyo ali ndi mphamvu zolanda cakudya coipa m'misika ndi m'mabuchala. Koma oyenderawo safika pa mafuwa a nyumba iri yonse. Pamenepo woyang'anira ndi mwini nyumba.

MWANA AKATSEGULA M'MIMBA

Cimene cimapha msanga ndi kutha kwa madzi m'thupi. Mpatseni madzi a moyo a m'paketi yocokera ku kiliniki, osungunula mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Paketi ikasowa, thirani mu lita imodzi masupuni ang'ono a tiyi 6 a shuga osaunjika, ndi theka la supuni yomweyo la mcere. Amwe pang'ono pang'ono kawiri kawiri, ndipo asaleke kuyamwa kapena kudya. Ku kiliniki adzapatsidwanso mapiritsi a zinki.

Ngati m'cimbudzi muli magazi, ngati cimbudzi cikuoneka ngati madzi otsukira mpunga, ngati maso kapena liwombo zalowa, kapena ngati mwana akukana kumwa, nyamukani nthawi yomweyo kupita ku cipatala, mukummwetsa pa njira. Musadikire kuti kuce.

Nyengo ya mvula ndiyo nyengo ya nchenche, ya zitsime zosefukira ndi ya nchito yambiri ku munda, pamene amai alibe nthawi. Cotero nchito yosamala cakudya isasiyidwe kwa iwo okha. Abambo angathe kumanga thandala ndi kubvundikira cimbudzi, ndipo ana okulirapo aphunzitsidwe kusonkha moto m'mawa. Kuwiritsa ndiwo zotsala kumatenga nkhuni zitatu ndi mphindi zocepa, pamene ulendo wa ku cipatala ndi mwana kumsana umadya tsiku lonse la kupalira, ndipo nthawi zina umadya mwanayo.